Mzere umodzi wa work_mem unagwetsa seva yanga katatu

Seva yomwe ndikunenayi ili ndi RAM ya 32GB, imayendetsa PostgreSQL 15 pa Linux, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: kusunga database ya kuntchito kwathu. Inali isanandivutitsepo. Ndinkaidziwa ngati mmene munthu amadziwira galimoto yake yakale, kuti ikalira mwakuti ndiye kuti zonse zili bwino. Zoti m'mawa wina idzagwa katatu nthawi isanakwane 12 koloko, wogwetsa wake n'kukhala ine ndemwe, sindinkazilota n'komwe.

Nkhani inayamba ndi lipoti. Anzathu owerengera ndalama ali ndi lipoti lomwe limasonkhanitsa zogulitsa zonse, n'kuzisanja potengera kasitomala ndi tsiku. Linkatenga masekondi 41. Kwa ine masekondi 41 si kanthu, koma kwa munthu amene akuyang'anitsitsa kachizindikiro kozungulira pa sikirini, ndi chaka chathunthu. Anadandaula kangapo, mpaka tsiku lina madzulo ndinatenga query yake, lomwe ndi funso limene lipotilo limatumiza ku database, n'kuiyendetsa ndi EXPLAIN ANALYZE, lamulo loonetsa pulani ya mmene query ikuyendera, kuti ndione pomwe nthawi ikuthera. Pakati pa mizere yambirimbiri panali uwu:

Sort Method: external merge  Disk: 93112kB

Kwa amene simunauonepo mzere wotere, tanthauzo lake ndi ili. PostgreSQL ikafuna kusanja mizere, imayamba kusanjira m'memory. Malo omwe imaloledwa kugwiritsa ntchito amatchedwa work_mem, ndipo mukangoika pulogalamuyi osasintha kanthu, work_mem imakhala 4MB basi. Mizere ikachuluka kuposa pamenepo, imaigawa zigawozigawo, chigawo chilichonse n'kuchisanja, n'kuchilemba pa disiki m'fayilo yongoyembekezera, kenako n'kudzaziphatikiza zonse pamapeto. External merge ndi imeneyo. Hash join, njira yolumikizira matebulo awiri, nayo imachita chimodzimodzi: zomwe ikufuna kusunga zikapanda kukwana m'memory, imagawa ntchitoyo m'magulu, ndipo m'pulani yangayo munalembedwa Batches: 32 pomwe ndikanakonda kuona 1.

Ndinati, matenda ndawapeza. M'session yanga ndekha ndinalemba SET work_mem = '128MB' n'kuyesanso. Inapitabe ku disiki. Zinandidabwitsa, chifukwa 93MB ndi yochepa kuyerekeza ndi 128MB. Koma mizere ikalembedwa pa disiki imapanikizidwa pamodzi, pamene m'memory mzere uliwonse umayenda ndi katundu wina woonjezera, choncho nambala ya pa disiki ija siikuuzani malo enieni ofunika. Nditaika 256MB, mzere uja unasintha:

Sort Method: quicksort  Memory: 219870kB

Ma batch anatsala amodzi, lipoti linatuluka m'masekondi 14. Ndinamwetulira ndekha mu ofesi.

Mpaka pano sindinalakwe chilichonse. Kulakwa kunabwera m'mphindi yotsatira. Ndinayang'ana free -h, lamulo la Linux loonetsa memory yotsala, ndinaona kuti pa available pali 20GB ndi kanthu kena. Mumtima ndinati, memory yongokhala chonchi tinaigulira chiyani? Ndipo 256MB pa 32GB siikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Ndinalemba ALTER SYSTEM SET work_mem = '256MB', lamulo losintha makonzedwe a seva yonse osati a session yanga yokha, n'kuuza seva kuti iwerengenso makonzedwe ake. Work_mem siifuna kuzimitsa ndi kuyatsanso database, ndiye palibe amene anadziwa kuti ndasintha kanthu. Sindinalembe paliponse. Mawa lake owerengera ndalama anandithokoza, ine n'kuvomera kuthokozako ndi manja awiri.

Panadutsa masabata awiri kuli zii. Msampha wake uli pamenepa. Chikanaphulika tsiku lomwelo, ndikanadziwa msanga chomwe ndaponda.

Tsiku lomaliza la mwezi, 9:10 m'mawa, mafoni anayamba kulira. Pulogalamu ya aliyense inali italemba kuti yataya database. Ndinatsegula log ya PostgreSQL n'kupeza mawu akuti process ina was terminated by signal 9: Killed, pansi pake terminating any other active server processes, kenako all server processes terminated; reinitializing. Mu dmesg, momwe Linux imaonetsa mauthenga ake, munali Out of memory: Killed process, dzina la process yake postgres. Ndiye kuti Linux inasowa memory, n'kutuma OOM killer kuti asankhe process imodzi yoti ife.

Mwina mungafunse kuti process imodzi ikafa, bwanji onse akuthamangitsidwa? PostgreSQL imapatsa connection iliyonse process yakeyake, koma onsewo amalemba m'shared memory imodzi. Wina akaphedwa mwadzidzidzi ndi signal 9, palibe angatsimikize kuti sanasiye kanthu kolembedwa mwatheka m'menemo. Choncho postmaster, amene ndi kholo la onsewo, amatseka ana ake onse, n'kuyambiranso powerenga WAL, kaundula wa zosintha zonse, kuchokera pa checkpoint yomaliza, pomwe zonse zinali zitalembedwa bwinobwino pa disiki. Zomwe zinali zitasungidwa kale sizitayika. Zomwe munthu anali mkati molemba zimapita. Kwa ife kudzukako kunatenga masekondi pafupifupi 40.

Ndiye tangoganizani zomwe munthu amachita lipoti lake likafera panjira. Amadinanso. Onse anadinanso, nthawi imodzi. 9:25 inagwanso.

Ine mutu unali utaima. Ndinatsegula top, pulogalamu yoonetsa ma process omwe akuyenda, ndinaona ma process a postgres ambirimbiri, iliyonse ikuonetsa RES, kapena kuti RAM yomwe yagwira, ya 5GB, ina 7GB. Ndinayamba kukayikira shared_buffers, malo a m'shared memory omwe PostgreSQL imasungamo masamba a database, yomwe ndinaiika pa 8GB kalekale. Koma top amanamiza pa nkhani imeneyi. Mu RES amawerengeramo masamba a shared memory omwe process yakhudzapo, ndiye 8GB imodzi yomweyo imaoneka kambirimbiri ngati kuti aliyense ali ndi yake. Mutaphatikiza manambala amenewo mupeza RAM yoposa yomwe munagula. Ndinataya mphindi 20 ndikuthamangitsa mthunzi umenewo.

Mkulu wina amene tikugwira naye ntchito, yemwe anayamba kusamala ma database ine ndisanadziwe n'komwe kuti SQL ndi chiyani, anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Sanakweze mawu.

"Achimwene, mwasinthako chiyani posachedwapa?"

"Palibe, akulu. Sabata ino sindinakhudze kanthu."

"Sindinanene sabata ino. Tatsegulani postgresql.auto.conf tione."

Fayilo imeneyo ndi momwe ALTER SYSTEM imalemba zinthu zake. Munali mzere umodzi wokha wachilendo. Anauyang'ana, anakoka mpando, anatenga pepala lomwe linali pa desiki panga n'kulitembenuza.

"Mu pulani ya lipoti lija muli ma sort angati?"

"Awiri."

"Ma hash?"

"Atatu."

Anayamba kulemba. Work_mem si malire a seva yonse, komanso si malire a connection imodzi. Ndi malire a ntchito imodzi mkati mwa query. Sort iliyonse ili ndi ufulu wotenga 256MB yakeyake, ndiye awiri ndi 512MB. Hash ili ndi mwayi woposa pamenepo, chifukwa pali hash_mem_multiplier, yomwe inabwera mu PostgreSQL 13 ili pa 1.0, koma kuyambira mu 15 imabwera ili pa 2.0. Ndiye hash iliyonse ingatenge 512MB, atatu n'kukwana 1536MB. Kuphatikiza zonse, 2048MB. Query imodzi, 2GB.

"Sitinathe," anatero. Lipotilo limayenda mothandizana. Max_parallel_workers_per_gather imabwera ili pa 2, kutanthauza kuti pali process yotsogolera ndi othandiza awiri, ndipo aliyense mwa atatuwo amawerengeredwa work_mem yake. 2GB kuchulukitsa katatu ndi 6GB. Anthu anayi akadina limodzi, 24GB. Kuonjezerapo 8GB ya shared_buffers, 32GB yakwana, Linux isanapeze ngakhale poponda. Ndipo tsikulo odina anali asanu ndi awiri.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati manambalawo ndi malire chabe, PostgreSQL simatenga memory yonseyo ngati siikuifuna, nanga bwanji masabata awiri onsewa sinagwe? Anavomera kuti n'zoona. Koma masiku wamba lipotilo amaliyendetsa munthu mmodzi, la mwezi umodzi. Pakutha pa mwezi amaliyendetsa onse, ndipo ambiri amasankha kuyambira Januwale mpaka lero. Mizere imachuluka mokwanira kudzaza malire onse aja mpaka pakamwa. Ine ndinayesa ndekha, madzulo, seva ili phee, n'kuganiza kuti ndaona zonse.

Tili mkati mowerengera chonchi inagwa kachitatu. Itangodzuka ndinalemba ALTER SYSTEM RESET work_mem. Lipoti linabwerera ku ulesi wake wakale, ndipo palibe anadandaula.

Chomwe chinandipweteka kwambiri usiku wake n'chakuti buku la PostgreSQL limanena zimenezi poyera, pa ndime yomweyo yofotokoza work_mem: kuti query imodzi ingakhale ndi ma sort ndi ma hash angapo nthawi imodzi, kuti ma session angapo angachite zimenezo limodzi, ndi kuti memory yonse ingapose work_mem kambirimbiri. Ndimeyo ndinaiwerengapo kale. Ndinangoidumpha tsiku lomwe inali yofunika. Safunsa anadya phula.

Masiku otsatira ndinakhala pansi kukonza zinthu mofatsa, chimodzichimodzi. Work_mem ya aliyense ndinaiika pa 16MB. Ma query ambiri a pulogalamu yathu amatenga mizere khumi kapena zana, ndipo ngakhale 4MB imawakwanira. Malipoti ndinawapatsa role yawoyawo, kapena kuti dzina lolowera ku database, n'kulemba ALTER ROLE malipoti SET work_mem = '128MB', komanso ALTER ROLE malipoti CONNECTION LIMIT 3. Mzere wachiwiriwo ndi umene umandigonetsa tulo. Ndikachulukitsa monga pa pepala lija, lipoti limodzi silingapose 3GB, atatu 9GB, ndipo wachinayi sangalowe mpaka wina atatuluka. Dziwani kuti zomwe mwaika ndi ALTER ROLE zimayamba kugwira ntchito pa connection yatsopano, osati yomwe ili yotsegula kale. Pa ntchito ya kamodzikamodzi, SET LOCAL mkati mwa transaction imakwanira, ndipo imadzichotsa yokha transaction ikatha.

Ndinayatsanso log_temp_files, n'kuika kuti fayilo iliyonse yongoyembekezera yoposa 50MB izilembedwa mu log pamodzi ndi query yomwe yaibala. Mu pg_stat_database mulinso temp_files ndi temp_bytes, zomwe zimakuuzani kuchuluka kwa zonse zomwe zatayikira ku disiki. Nditaziyang'ana kwa sabata ndinasintha maganizo pa nkhani ya mafayilo amenewa. Kale ndinkawaona ngati manyazi. Koma kulembera ku disiki ndi njira yomwe PostgreSQL imadzipulumutsira yokha: imachedwa, koma imafika. Ine ndinaitsekera njira imeneyo poiuza kuti malo alipo ambiri.

Za shared_buffers ndinene pang'ono, popeza ndinainamizira mlandu. Ndinaphunzira ntchitoyi pa MySQL, pulogalamu ina ya database, komwe innodb_buffer_pool_size mungaipatse mpaka 80% ya RAM pa seva yomwe ntchito yake ndi database yokha. Chizolowezi chimenecho chimandiyabwabe m'manja. Koma PostgreSQL imawerenga mafayilo ake kudzera mu cache ya Linux, ndiye tsamba limodzi la 8kB likhoza kukhala kawiri: mu shared_buffers komanso mu cache ya Linux. N'chifukwa chake malangizo ake amati yambirani pa 25% ya RAM, ndipo n'zokayikitsa kuti kupitirira 40% kungathandize. Ikangoikidwa kumene imakhala pa 128MB, yomwe ndi yochepa kwambiri pa seva ngati yathu, koma 8GB inali kale pamalo pake. Ndinayesa 16GB pa seva yoyeserera, ndi ma query omwewo. Kusiyana kwake sindinakuone. Ndinaisiya pa 8GB.

Effective_cache_size anthu ambiri amaiopa pachabe. Siitenga memory ngakhale pang'ono. Imangouza wokonza pulani kuti cache yonse, ya PostgreSQL ndi ya Linux pamodzi, ndi yaikulu bwanji, kuti adziwe ngati kudutsira mu indekisi kungakhale kotchipa. Imabwera ili pa 4GB. Ndinaika 20GB n'kuisiya pomwepo.

Maintenance_work_mem ili ndi kamsampha kofanana ndi ka work_mem, kungoti kakang'ono. Ndinali nditaiika pa 1GB kuti CREATE INDEX izithamanga. Koma autovacuum_work_mem ikakhala pa -1, monga imabwerera, antchito a autovacuum, omwe amasesa okha mizere yakufa m'matebulo, amatengera nambala yomweyo, ndipo amakhala atatu. Ndi 3GB imeneyo, yomwe sinali pa pepala lathu lija. Ndinaika autovacuum_work_mem pa 256MB.

Kenako ndinapunthwanso, ulendo uno pa Linux. Ndinkafuna kuti OOM killer asadzayandikirenso database yanga. Njira yochepetsera ngoziyo ndi vm.overcommit_memory = 2. Linux mwachibadwa imalonjeza memory yoposa yomwe ili nayo, podalira kuti si onse adzabwere kudzatenga. Mukaika 2 imasiya khalidwe limenelo: malire akakwana, imakana. Query yomwe yapempha imalephera ndi uthenga wa out of memory, koma ena onse amapitiriza ntchito. Munthu mmodzi kukwiya kuli bwino kusiyana ndi ofesi yonse kuima.

Ndinaika 2, n'kuiwala mnzake, vm.overcommit_ratio. Imeneyo imabwera ili pa 50. Malire ake amawerengedwa potenga swap, malo a pa disiki othandizira RAM, n'kuphatikiza ndi gawo limenelo la RAM. Ife swap ndi 2GB, theka la RAM ndi 16GB, ndiye malire anali 18GB pa makina a 32GB. Mawa lake masana ma query anayamba kukanidwa memory pamene free ikuonetsa kuti malo alipo ambiri. Mwamwayi ulendo uno ndinali nditalemba zomwe ndasintha, ndipo ndinapita molunjika ku /proc/meminfo kukayerekeza CommitLimit, malire aja, ndi Committed_AS, memory yomwe yalonjezedwa kale. Zinali zitagundana. Ndinakweza ratio kufika pa 90.

M'fayilo yomweyo ya meminfo ndi momwe ndinaona chinthu chomwe sindinkachiyang'ana n'kale lonse: PageTables inali pafupifupi 3GB. Apa ndinaima nthawi yaitali, chifukwa masamu ake ndi okoma. Linux imagawa memory m'masamba a 4kB. Shared_buffers ya 8GB ndi masamba oposa 2 miliyoni. Process iliyonse imasunga kaundula wakewake wa masamba omwe yakhudza, ma byte 8 pa tsamba lililonse, ndiye process yomwe yayendayenda mu shared_buffers yonse imafuna 16MB ya kaundula yekha. Ife max_connections inali pa 400, ndipo pulogalamu yathu inkatsegula ma connection pafupifupi 300 n'kuwasiya otsegula tsiku lonse, ambiri osachita kanthu. Magigabaiti atatu ankathera polemba komwe memory ili.

Mankhwala ake ndi huge pages, masamba a 2MB m'malo mwa 4kB. Tsamba limodzi lalikulu limalowa m'malo mwa ang'onoang'ono 512, kaundula uja n'kufota. PostgreSQL imabwera huge_pages ili pa try, kutanthauza kuti iyesa, ikalephera ingopitiriza mwakachetechete, ndipo kwa ife inkalephera tsiku lililonse chifukwa vm.nr_hugepages inali 0. Kuyambira mu 15 simuvutikanso kuwerengera pamanja: SHOW shared_memory_size_in_huge_pages imakuuzani nambala yofunika. Ndinaika nambalayo ndi ochepa oonjezera, n'kusintha try kukhala on, kuti tsiku lina zikadzasokonekera database idzakane kuyaka m'malo mondibisira. Izi zimafuna kuzimitsa ndi kuyatsanso, ndiye ndinadikira Loweruka usiku. Musasokoneze zimenezi ndi transparent huge pages. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo buku la PostgreSQL silimailimbikitsa. Kumbukiraninso kuti masamba akuluakulu mukawapatula amachotsedwa pa RAM yomwe CommitLimit imawerengera, ndiye yang'ananinso nambala ija mukamaliza.

Ma connection 300 aja ndinawaika kumbuyo kwa PgBouncer, pulogalamu yogawira anthu ambiri ma connection ochepa, pa transaction pooling, pomwe munthu amabweza connection transaction yake ikangotha. Pano omwe amafika ku database enieni saposa 40, ndipo max_connections ndinaitsitsa kufika pa 100, pomwe inabadwira. Opanga pulogalamu anadandaula tsiku limodzi, chifukwa panali malo awiri pomwe ankadalira SET wamba kuti ikhalabe mpaka session ithe, zomwe sizingadalirike connection ikamasinthanasinthana pakati pa anthu. Anakonza. PageTables pano ndikaiyang'ana imakhala pansi pa 100MB.

Zonsezi zitatha, mkulu uja anadutsanso pa desiki panga n'kufunsa ngati ndinaiwerengapo query ya lipotilo, osati pulani yake, koma query yeniyeniyo. Ndinali ndisanaiwerenge bwinobwino. Inayamba ndi SELECT * pa tebulo la zogulitsa, lomwe lili ndi ma column 43, imodzi mwa izo ndi ya ndemanga zomwe ogulitsa amalemba momwe afunira. Lipoti limaonetsa ma column 7. Ena 36 ankangonyamulidwa kudutsa m'ma hash atatu ndi ma sort awiri, n'kukatayidwa pamapeto. Titasiya 7 okhawo, sort ija ya 219870kB inatsika kufika pa 38MB, ndipo lipoti la mwezi umodzi likutuluka m'masekondi 6, kuposa mmene linkathamangira pa 256MB.

La chaka chonse limatayikirabe ku disiki. Tsiku lomaliza la mwezi uliwonse ndimapeza mu log mizere itatu kapena inayi ya mafayilo ongoyembekezera, ina yofika 300MB, ndipo lipotilo limatenga pafupifupi mphindi imodzi. Mmodzi mwa owerengera ndalama anandifunsa mwezi watha ngati sindingalifulumizitse ngati kale lija. Ndinamuuza kuti ndiona. Pepala la mkulu uja ndinalimata pakhoma pafupi ndi sikirini yanga, ndipo 128MB ija sindinaikhudze.